Kabotolo kopanda dzina: momwe ndinaonongera buleki ya njinga n'kuikonzanso

Njinga zanga za mabuleki oyendera mafuta zilipo ziwiri. Ina ndi yanga yakalekale ya mabuleki a Shimano. Inayo anandisiyira alamu anga atagula yatsopano, ndipo ili ndi mabuleki a SRAM. Inabwera ndi katoni ya zotsalira: machubu awiri, mapadi otha theka, masirinji awiri a timapaipi, ndi kabotolo ka pulasitiki kopanda pepala lililonse, muli mafuta oyererako. Ndinkati ndi ntchito ya Loweruka limodzi.

Popeza mitengo imasiyana malo ndi malo, ndalama ndiziwerengera m'mabotolo. Ndikati botolo limodzi, ndikutanthauza mtengo wa mafuta a DOT 4 a 250 ml, aja a mabuleki a galimoto.

4 Malichi: liva ikugunda handulo

Buleki yakumbuyo ya njinga ya alamu ndi yofewa ngati siponji. Kuigwira kamodzi liva ikufika pa handulo, kuipopa kanayi ikulimbako, ukaisiya mphindi zingapo yafewanso. Mapadi akadali ochindikala, disiki ndi yowongoka, ndipo ndatsata paipi yonse ndi chala osapeza podontha. Ndiye kuti mwalowa mpweya, pakufunika kubulida, kutanthauza kukankha mafuta mupaipi kuti mpweyawo utuluke.

Pa liva pali timalemba koma tadzaza litsiro. Sindinapukute. Ndangoimba foni.

"Alamu, kabotolo kali m'katonimu n'kachiyani?"

"N'ka mabuleki kameneko, alamu. Thirani, musaope."

Ndalama sindinatulutse.

9 Malichi: kubulida koyamba

Ndachotsa tayala ndi mapadi, pakati pa mapisitoni ndaikapo kapulasitiki kotchingira kuti asatuluke. Timasikuluu totsekera mafuta, ka pa liva ndi ka pa kalipa (chitsulo chokhala ndi mapisitoni opana disiki ndi mapadi), tamasuka ndi chomasulira cha Torx T10. Sirinji imodzi ku kalipa, ina ku liva, n'kumakankha mafuta kuchokera pansi kupita kumtunda. Thovu latuluka lambiri ndithu. Mafuta a m'kabotolo kaja ndathira pafupifupi 20 ml.

Chinthu chimodzi chandidabwitsa. Zimene zimatulukira mu sirinji yakumtunda sizinali zamtundu umodzi. Munali timadontho tozungulira tikuyandama, tosaphulika ngati mmene limachitira thovu la mpweya. Nditaiimika sirinjiyo patebulo n'kupita kukasamba m'manja, pobwera ndapeza mwachita mzere: pansi zakuda, pamwamba zoyera. Ndikuona ngati ndi litsiro la mafuta akale chabe.

Liva yalimba bwinobwino. Ndazungulira nayo kawiri, ikugwira ngati yatsopano. Ola limodzi lokha, popanda kulipira mmisiri.

15 Malichi: tayala lakana kuzungulira

Lachitatu liva inayamba kubwerera mwaulesi. Ukaisiya imachita ngati ikuganiza kaye. Lero ndakwera mtunda wosapitirira makilomita atatu koma ndimapalasa ngati ndanyamula munthu kumbuyo. Kutsika n'kuyandikiza dzanja pa disiki yakumbuyo, kutentha kumachita kuwawula, chonsecho buleki sindinaigwire n'komwe. Yakutsogolo, imene sindinaikhudze, ili bwinobwino. Apa ndinadziwa kuti wolakwa ndine.

Ndatenga kansanza n'kupukuta pa liva paja. Palembedwa DOT, zilembo zooneka bwino.

Kenako ndachita zimene ndimayenera kuchita tsiku loyamba. Ndatunga madzi m'kapu yagalasi n'kudonthezamo mafuta a m'kabotolo kaja. Dontho lakhala pamwamba, lozungulira, kuligwedeza likungogawika timadontho tating'ono n'kubwereranso pamwamba. Mafuta a DOT satero. Amapangidwa ndi glycol, ndipo akagwera m'madzi amachita kamtambo pang'ono n'kusungunukiramo. Amene ayandama ndi mineral oil, mtundu wina wa mafuta a mabuleki wochokera ku petroleum. Mzere uja ndinauona mu sirinji unali mitundu iwiriyi ikukanana, DOT yolemera pansi, mineral oil yopepuka pamwamba, ine n'kumati litsiro.

Ndaimbanso foni. Alamu akuti kabotoloko kanali ka njinga yawo ina yakale ya mabuleki a Tektro, anangoponyera zonse m'katoni imodzi. Sananame, kanalidi ka mabuleki. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ndithu koma phula ndadyabe, chifukwa ndinafunsa munthu m'malo mofunsa liva.

18 Malichi: kuphwasula

Ndamasula zonse. Kalipa ndaigawa pakati, mapisitoni ndawatulutsa ndi mpweya wa pampu, nditakulunga kansanza kuti asauluke. Imodzi inakakamira mpaka ndinachita kutsamira pampu ndi thupi lonse, kenako phu! m'kansanza.

Nkhani yonse ili pa timalabala. Kuseri kwa pisitoni iliyonse kuli kalabala ka makona anayi kokhala m'kangalande. Ukagwira buleki kamapindika pang'ono, ukasiya kamawongoka n'kukokera pisitoni m'mbuyo. Mubuleki ya njinga mulibe sipuling'i yobweza pisitoni ya kalipa, ntchito imeneyo ndi ya kalabalako. Tanga tatupa. Ndakatulutsa kamodzi n'kuyesa kukabwezera m'malo mwake, kakukana, kakuchita kupindika ngati lamba wamkulu pa chiuno chaching'ono. Kukatsina ndi chikhadabo n'kofewa. Ta mu liva n'chimodzimodzi, n'chifukwa chake pisitoni ya kumtunda imabwerera mochedwa n'kutseka kabowo kobwezera mafuta m'kathanki. Mafuta akatentha n'kusowa kothawira, buleki imadzigwira yokha.

Mabuleki a DOT amaikamo labala ya EPDM, imene imapirira glycol koma imafufuma ikakumana ndi mafuta ochokera ku petroleum. A mineral oil amaikamo labala ya mtundu wa nitrile, ndipo iyo imaonongeka ndi DOT. Choncho amene amasankha mafuta si inu, si wogulitsa, ndi labala imene ili m'katimo. Ndipo kutsuka sikubweza kanthu. Ndinayesa kuviika kalabala kamodzi mu isopropyl, spiriti yotsukira, usiku wonse, m'mawa kanali kotupabe.

Masirinji a alamu nawonso apita. Labala yake yatupa, kukoka mpini ukuchita kulira. Ndataya onse awiri.

Zofunika kugula: timalabala ndi mapisitoni a kalipa, za m'kati mwa liva pamodzi ndi kachikopa ka m'kathanki, paipi yatsopano, masirinji atsopano, ndi mafuta oyenera. Kuwerengera pamodzi zikufika mabotolo 18. Buleki yathunthu yatsopano siili patali kwambiri ndi pamenepo. Ndasankha kukonza chifukwa ndikufuna kuidziwa, koma amene alibe nthawi angogula ina.

22 Malichi: kugula DOT, ndipo pang'onong'ono ndilakwenso

Pashelefu panali DOT 3, DOT 4, DOT 5 ndi DOT 5.1. Dzanja linapita pa DOT 5, poganiza kuti ndi mkulu wake wa 4 komanso mng'ono wake wa 5.1. Ayi ndithu. DOT 5 ndi ya silicone, nthawi zambiri yamtundu wa pepo, ndipo sisakanikirana ndi zinzakezo. Chinandipulumutsa ndi chizolowezi chatsopano chowerenga kuseri kwa botolo. Pa mabuleki a njinga DOT 5 ingoiwalani.

DOT 3, 4 ndi 5.1 ndi banja limodzi la glycol. Manambalawa amachokera ku malamulo a nthambi ya zamtengatenga ya boma la United States, muyezo wotchedwa FMVSS 116, ndipo amanena kutentha kotsikitsitsa kumene mafutawo ayenera kufika asanawire. Akakhala atsopano, DOT 3 ndi 205°C, DOT 4 ndi 230°C, DOT 5.1 ndi 260°C. Akamwa madzi pafupifupi 3.7 peresenti, manambalawo amagwa kufika 140, 155 ndi 180. Kusiyana pakati pa atsopano ndi onyowa n'kwakukulu kuposa kusiyana pakati pa 4 ndi 5.1. Ndinaima pashelefupo n'kuona kuti DOT 4 yotsegula lero imaposa DOT 5.1 imene yakhala chitsegulire mpaka kukhuta chinyezi.

Opanga mabuleki angawa amalola DOT 4 kapena 5.1. Kabotolo ka dzina lawo ka 120 ml kanali kodula kuposa botolo la galimoto la 250 ml. Popeza DOT ili ndi muyezo umodzi kwa aliyense, ya galimoto kapena ya njinga yamoto imagwira bwinobwino, bola nambala ikhale yolondola. Ndatenga DOT 5.1 ya 250 ml, yomata pakamwa ndi kachitsulo kopyapyala kosang'ambika, mtengo wake botolo limodzi ndi theka. Lita imodzi inali yotchipa ukawerengera pa mililita, koma ndikanaimaliza liti? Buleki imodzi imadya pafupifupi 30 ml basi.

30 Malichi: kumanganso

Zipangizo zafika. Zitsulo zonse za kalipa ndi liva ndatsuka ndi isopropyl katatu, mpaka kansanza koyera kosatuluka ndi mafuta, n'kuziyanika. Timalabala tatsopano ndapaka DOT yomweyo pomanga. Girisi wamba musayerekeze, ndi wa petroleum, abweretsa matenda omwe aja. Kuika kalabala katsopano pambali pa kakale, kusiyana kukuoneka ndi maso.

Zovuta ziwiri. Choyamba, m'kati mwa liva muli kamphete kachitsulo kotsekera pisitoni, kali pansi pa dzenje lakuya, ndipo pulayala yanga sinafikeko. Ndataya maola awiri ndi timisomali tiwiri, pamapeto pake ndakabwereka pulayala yaitali ya timphete. Chachiwiri, paipi ndinaidula bwino koma pomanga koyamba kamphete kofinyira, kaja amati olive, kanalowa mopendama n'kuphwanyika. Kamagwira ntchito kamodzi kokha. Mwamwayi paipi inabwera ndi tiwiri. Gulani tosungira, pamodzi ndi kachitsulo kolowa m'kamwa mwa paipi.

Paipi yakale bwanji osangoitsuka? Ndinaganizapo. Koma ndi yaitali, m'kati simuoneka, ndipo dontho limodzi lotsalira lingakapeze timalabala tatsopano. Sindinafune kuphwasula kachiwiri.

Pobulida ndaphunzira kanthu. Ukadzaza sirinji ndi DOT, tseka kapaipi n'kukoka mpini pang'ono. Mafuta amene amaoneka oyera amatulutsa timathovu tambirimbiri ngati chakumwa cha gasi. Gogoda, tulutsa mpweyawo, bwereza kangapo. Ndikanapanda kutero mpweya wonsewo ukanalowa mubuleki. Mafuta apita 35 ml, chifukwa paipi inali youma.

31 Malichi: penti

M'mawa ndapeza kadontho pa felemu, pansi pa liva. Kupukuta, penti yafewa, yatsala ndi kachipsera ngati njere ya mpunga. DOT imadya penti. Mankhwala ake ndi madzi kapena isopropyl nthawi yomweyo, osati mawa. Kuyambira pano botolo lopopera madzi likhala pambali, felemu ndizifunditsa nsanza, m'manja magolovesi, chifukwa khungu la zala nalonso lauma ngati ndachapa tsiku lonse.

6 Epulo: yakutsogolo, kusakaniza kololedwa

Buleki yakutsogolo alamu sakukumbukira ngati munali DOT 4 kapena 5.1. Ndatapako pang'ono n'kudontheza m'madzi: yasungunuka, ndi glycol. Apa palibe mantha, 4 ndi 5.1 zimasakanikirana. Kungoti zosakanizazo sizifika mphamvu ya 5.1 yeniyeni, ndipo chinyezi chimene chili m'mafuta akale sichichoka chifukwa chothirapo atsopano pamwamba. Ndiye sindinangowonjezera. Ndakankha mpaka zotuluka zasiya kuda n'kufanana ndi zolowa. 30 ml, mphindi 40.

13 Epulo: njinga ya Shimano

Iyi inali isanasinthidwe mafuta zaka zitatu. Pa liva palembedwa mineral oil, ndawerenga kawiri.

Kugula mafuta amenewa n'kosiyana ndi kugula DOT, chifukwa alibe muyezo umodzi wogwirizana. Kampani iliyonse ili ndi ake, kulemera kwake ndi zothiramo zake. A Shimano ozolowereka ndi ofiirira, Royal Blood ya Magura ndi yabuluu, Tektro nayo ili ndi ake. Utoto si umboni wa chilichonse, ndi chizindikiro chabe, koma umathandiza kuona pamene mafuta atsopano atulukira mbali inayo. Ndipo dzina la kampani palokha silikuuzani mtundu wa mafuta. Mabuleki ambiri a Hope ndi Hayes ndi a DOT. Formula inali ya DOT pa mabuleki akale koma Cura ndi ya mineral oil. SRAM yomweyi, imene ambiri timaidziwa ndi DOT, inatulutsa DB8 mu 2022 ndi Maven mu 2024, onse a mineral oil.

Mnzanga wina anandiuza kuti ndingothira mafuta odzola ana, akuti nawonso ndi mineral oil. Wina anatchula LHM, aja obiriwira a magalimoto a Citroën. Alipo amene amathira zimenezi n'kumayenda. Ine ndakana. Mafuta a ana amaikamo zonunkhiritsa, ndipo pabotolo lake palibe pamene alemba kutentha kumene amawira. Ndangotaya kumene mabotolo 18 chifukwa cha mafuta osadziwika, sindingayambenso zoyesera pa chinthu chimene chimandiimitsa pamtsetse. Kabotolo ka alamu nakonso sindikagwiritsa ntchito pano, ngakhale ndi mineral oil. Sindikudziwa zaka zake, komanso ndinaviikamo sirinji imene inali itakhudza DOT.

Apa ndiye ndagula chachikulu: 500 ml ya Shimano, mabotolo anayi. Mineral oil simwa chinyezi cha mumpweya, ikhoza kudikira zaka. Ndagulanso fanelo yake yomangira pa liva ndi sirinji yakeyake, mabotolo atatu.

Kasikuluu ka pa liva kamamasuka ndi alenki ya 2.5 mm, kampopi ka pa kalipa ndi sipanala ya 7 mm. Ndisanakankhe mafuta atsopano kupita kumtunda, ndayamba ndatsitsa akale kudzera ku kalipa kuti litsiro lisakwere ku liva. Atuluka akuda ngati a injini. Nditawasiya m'kabotolo kagalasi, pansi penipeni pakhala kadontho kamodzi koyera, kozungulira ngati mkanda. Madzi. Anthu amakonda kunena kuti mineral oil ilibe vuto la madzi. Zoona zake n'zakuti siwamwa, choncho amene alowa, kaya potsuka njinga kaya pamvula, amatsika n'kukakhala ku kalipa, malo otentha kuposa onse, ndipo amawira pa 100°C. DOT imawamwaza m'mafuta monse n'kumafooka pang'onopang'ono. Uku amaunjikana malo amodzi. Konsekonse kusintha mafuta sikuthawika.

20 Epulo: kulira

Buleki yakutsogolo ya Shimano ikulira ngati nkhumba, kugwira kwake kochepa. Ndinabwezera mapadi ndisanapukute bwino kalipa, ndipo kadontho kamene kanatsalira pa kampopi kanatsetsereka. Ndawakwecha ndi sandipepala, ndatsuka ndi isopropyl. Anakhala chete tsiku limodzi, atatentha ayambiranso. Mapadi a resin amamwa mafuta ngati buledi, kutentha kukabwera amawalavulira pa disiki. Za kuwawotcha pamoto ndazimva, koma guluu wogwira padi kuchitsulo chake sindimukhulupirira akapsa.

Mapadi atsopano, mabotolo atatu. Disiki ndaitsuka kawiri ndi kansanza katsopano. Kenako kuwazoloweza: kuthamanga pang'ono, kugwira mpaka liwiro la munthu woyenda pansi osaimiratu, maulendo 20. Phokoso latha. Tsopano mapadi ndimawaika m'chipinda china pobulida, ndipo amabwerera kalipa itauma, m'manja nditasamba.

27 Epulo: kusunga

Ndapeza makatoni awiri apulasitiki okhala ndi zivindikiro. Ina ndamata tepi yachikasu n'kulemba DOT, ina tepi yofiira n'kulemba MINERAL. Sirinji iliyonse, kapaipi kalikonse, ngakhale nsanza, zili ndi tepi ya mtundu wake. Zikuoneka ngati zachibwana, koma masirinji awiri opanda kanthu amafanana ngati mapasa.

Botolo la DOT ndalemba tsiku lotsegula, 30 Malichi. Ndikatapa ndimatseka pompo, sindidikira kumaliza ntchito. Zotsala mu sirinji sizibwerera m'botolo. Ndaliika m'kathumba kotseka, m'kabati mouma mosafika dzuwa, pamwamba posafikira ana, chifukwa ndi poizoni. Masirinji a DOT ndimawatsuka ndi madzi, kenako isopropyl, n'kuwasunga atauma, timapaipi tosapanidwa.

La mineral oil silivuta: kutseka bwino, kupewa dzuwa ndi fumbi, basi. Koma nalonso likhala m'botolo lake lenileni. Kutsanulira m'kabotolo kena n'kumene kunayambitsa zonsezi.

Mafuta otha ntchito ali m'mabotolo awiri osiyana, olembedwa, akudikira kupita kumene amalandira zoterezi. Pasinki kapena pansi sathiridwa. Kabotolo ka alamu kalowa komweko.

14 Seputembala: patapita miyezi isanu

Mabuleki onse anayi ali bwino. Yakumbuyo ija liva ikubwerera msanga, tayala likuzungulira popanda kukhula. Chipsera cha penti chilipobe, ndimachiona tsiku lililonse ndikakwera.

M'botolo la DOT mwatsala pafupifupi 180 ml, ndipo apa ndikuvomera kuti ngakhale 250 ml inali yambiri. Kuyang'ana ndi maso akuoneka bwino, koma chinyezi sichioneka. SRAM imalangiza kubulida mabuleki a DOT kamodzi pachaka kapena kuposapo, ndiye pofika Malichi botololi lidzakhala litatha chaka chitsegulire. Sindidzalithira m'buleki imene ndinavutika nayo chonchi. Ndidzagula kakang'ono kosatsegula, kapena tidzagawana botolo limodzi ndi anzanga awiri atatu tsiku limodzi. La 500 ml la Shimano latsika pang'ono chabe, lidzandikwanira zaka zambiri.

21 Seputembala: foni ya alamu

"Alamu, paja mwasanduka katswiri. Yanga yatsopano ija yayamba kufewa. Ndi SRAM ngati yomwe ija, ndiye mafuta muli nawo kale."

"Pukutani pa liva, alamu, mujambule timalembato munditumizire."

Chithunzi chafika. DB8, ndipo pambali pake palembedwa mineral oil. Masirinji anga achikasu sangayandikire, fanelo ya m'katoni yofiira simangika pamenepo, ndipo mafuta ake ndi ena, obiriwira a kampani ya Maxima. Ndawauza agule mafutawo ndi masirinji ake. Ine ndikasaka katoni yachitatu ndi tepi yobiriwira, tidzaigwire Loweruka likubwerali.